Botolo Lolira Mochedwa

M'chipatala muli bodza limodzi lomwe aliyense amalinena maso ali gwa: "Changachi n'chachangu." Wa maopaleshoni amatero, wa ana amatero, ngakhale dokotala wa nthenda za pakhungu, amene wodwala wake wakhala akudzikanda chiyambire chaka chatha, nayenso amatero osachita manyazi. Ndiye magazi, mikodzo, makhololo ndi mafinya onsewo amatsikira ku labotale ya tizilombo, pansi penipeni pa nyumbayo, moyandikana ndi kochapira zofunda, kumene dzuwa silifika. Kumeneko kumafunika munthu mmodzi wouma mtima woti azinena kuti ichi chiyambe, icho chidikire. Pa chipatala chathu, kuno ku Friesland, kumayiko a azungu, munthu ameneyo anali Dokotala Marrit Veenstra.

Tisanamizane, sanali munthu wokondedwa. Anali wamtali, wowonda, tsitsi lalifupi ngati wadzimeta yekha ndi sizasi ya kukhitchini, ndipo poyankha foni sankataya mpweya ndi moni. "Veenstra. Wodwala ali bwanji?" Ukayamba kuzungulira ankakudula pakamwa. "Sindinafunse kuti ndinu ndani. Ndafunsa kuti wodwala ali bwanji." Madokotala akuluakulu, anthu ozolowera kuti akangotsokomola anamwino athamange, ankatuluka naye thukuta. Tsiku lina mmodzi wa iwo anatsika yekha masitepe atanyamula kabotolo ka mlamu wake, n'kunena kuti ayambire kameneko. Marrit anakalandira ndi manja awiri, n'kukaika kumapeto kwa mzere mwiniwakeyo akuona.

Anakulira pa famu ya ng'ombe za mkaka kufupi ndi tauni ya Bolsward, mwana yekhayo wa bambo wosalankhulalankhula. Ankakama kaye asanakwere njinga ya kusukulu. M'khola momwemo ndi mmene anaphunzirira kuti ng'ombe yolira kwambiri imakhala ikufuna chakudya basi, yodwala imangoima duu pakona. Anatengeranso mphuno ya bambo ake, amene ankangonunkhiza ndowa ya mkaka n'kudziwa kuti ina yatupa bere. Ku yunivesite anzake ankalimbirana za mtima ndi za ubongo, ntchito zoti odwala azikubweretsera maluwa. Iye anasankha ya kunsi, yopanda zikomo. Wodwala akachira amathokoza amene anamugwira dzanja, sadziwa n'komwe kuti kunali mayi wina pansi pa nyumba amene anatchula dzina la mankhwala.

Ntchito yake ankaigawa pawiri, ya kumutu ndi ya kumchira. Madzi a mumsana a mwana wouma khosi, magazi a munthu amene akupumira makina, zimenezo n'za kumutu, ngakhale utanyamula kapu ya khofi umaiika pansi. Mkodzo wa agogo amene akungomva kuwotcha pang'ono, chikhadabo chowola, zimenezo n'za kumchira, zidikire. Ngakhale magazi enieniwo anali ndi mutu ndi mchira wake. Magazi a odwala amathiridwa m'mabotolo, mabotolo n'kuikidwa m'makina ofunda kuti ngati muli tizilombo tiswane, ndipo tikaswana makinawo amalira. Aliyense wa ntchitoyi adzakuuzani kuti botolo lolira msanga, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndi moto. Lolira mochedwa, masiku atapitapo, nthawi zambiri limakhala litsiro la pakhungu lomwe linalowa pobaya singano. Palibe buku lomwe limanena kuti nthawi zonse zimatero, koma munthu ukaona chinthu chimodzimodzi kwa zaka makumi awiri, manja amayamba kuganiza okha.

Nthawi ndiye inalibe chisoni naye. Mnzake amene ankagawana naye ntchito atapuma, akuluakulu anati afunafuna wina. Anafunafuna mpaka mpando wakewo anaupereka ku ofesi ina. Marrit anatsala yekha, foni m'thumba la chovala choyera, ikulira ali pa maikulosikopu, ikulira akudya buledi wake wa tchizi choimirira, ikulira ngakhale ali kuchimbudzi. M'malo mwa dokotala wachiwiri, chipatala chinalemba Bambo Kuipers, mnyamata wa nsapato zosongoka amene ntchito yake inali kuphunzitsa anthu kusamala nthawi. Koma abale, munthu wosenza denga yekha mwamutumizira womuuza kaimidwe.

"Adokotala, ndaona kuti foni imakudyerani nthawi yambiri," anatero Kuipers tsiku lina, akumwetulira. "Kodi sizingatheke kuti muzifupikitsako?"

"Zingatheke," anayankha Marrit. "Ndiziwauza theka la dzina la mankhwala, theka linalo azilota okha."

"Ayi, ndikutanthauza kuti mafunso ena angathe kudikira msonkhano."

"Uti? Uja wa Lolemba umene mumatiuza kuti tilibe nthawi?"

Kunyumba nako kunali chimodzimodzi. Mwamuna wake Douwe, mphunzitsi wa ukalipentala, munthu wofatsa ngati nkhosa, anamufunsa tsiku lina akusenda mbatata, "Kodi mayi, ine ndili kumutu kapena kumchira?"

"Thupi latentha?"

"Ayi."

"Khosi lauma?"

"Ayi."

"Kumchira."

Anaseka onse awiri, koma Douwe anasiya msanga kusekako. Ana analibe. Ankati adikire kaye ntchito ichepe, kenako adikire kaye apeze womuthandiza, mpaka nthawi yoyenerayo inadutsa Marrit ali pa foni. Sankaikamba nkhani imeneyo, koma inkamupweteka.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamutha mu labotale muja, Hiske Tolsma. Hiske sanali dokotala, anali wa pabenchi, mmodzi wa amene amadzala zoyezazo pa timbale, kudikira kuti zimere, n'kupeza dzina la kachilombo. Anali wamfupi, wonenepa, wamkamwa mosatseka, ndipo anagwira ntchito ndi Marrit zaka zoposa khumi. Ndi iye amene anamupatsa dzina loti a Mphuno. Marrit anali ndi chizolowezi cha madokotala akale, chotsegula kambale n'kukanunkhiza, chifukwa tizilombo tina timanunkha ngati zipatso, tina ngati nsomba yowola, tina ngati dothi lonyowa, ndipo mphuno imakuuza m'kanthawi kochepa chimene makina angakuuze masana. Malamulo analetsa kalekale kununkhizako. Marrit ankadziwa bwino, poti chikalata choletsacho anasainira yekha.

"A Mphuno, tsiku lina mudzakoka chinthu choti chidzakutulukireni kumbuyo," ankatero Hiske.

"Gwira ntchito iwe. Pakamwa pako pakanakhala kambale bwenzi patamera nkhalango."

Hiske anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi anayi, ndipo iye ndi mwamuna wake Ruurd anafuna mwana mpaka kutopa. Anayenda m'zipatala, anabayidwa majakisoni osawerengeka, analira m'zimbudzi za kuntchito n'kusamba kumaso n'kubwerera pabenchi akuseka. Madokotala anali atawauza kuti ulendo uno ndi womaliza, kuyesanso kungakhale kudzivutitsa. Ndiye m'mawa wina wa mvula, m'shedi yoimikamo njinga, Hiske anagwira mkono wa Marrit asanavule n'komwe chipewa.

"Yagwira," ananong'ona. "Miyezi itatu. Sindinauze aliyense kupatula inu."

Marrit anaima chilili, loko wa njinga ali m'manja. Anamva chimwemwe chenicheni, ndi kansanje pang'ono pansi pake, ndiponso mantha, chifukwa ankadziwa zimene zimadutsa pabenchi ya Hiske tsiku ndi tsiku. Sanamukumbatire, sankadziwa kachitidwe kake. Anachita chimene ankachidziwa.

"Kuyambira lero ukuchoka kumutu. Za chifuwa chachikulu usazikhudze, za mumsana usazikhudze. Uzigwira za kumchira."

"Mikodzo ya agogo? Ine? Mwandichotsa udindo chifukwa cha mimba?"

"Eya. Ukadandaule kwa a Kuipers, akakupatse msonkhano."

Hiske anaseka mpaka misozi. "Mumandikonda inu, a Mphuno, kungoti simudziwa katchulidwe kake."

Kuyambira tsiku limenelo Marrit ankasankha yekha zoti zipite pabenchi ya Hiske. M'mawa uliwonse ankaima pa timbale tonse tomwe tamera usiku, n'kupatula tofatsa, topanda mano, n'kukankhira kwa mnzakeyo. Mimba imeneyo ankaisamala ngati yake. M'moyo wake wonse, chimenecho ndicho chinthu chokhacho anachiika patsogolo osafunsa kuti thupi latentha kapena ayi.

Linali Lolemba, mwezi wa Novembala. Kumapeto kwa sabata kunali kutaunjika ntchito ngati mbale za paukwati. Mmodzi wa apabenchi anali atadwala. Kumwamba ku wodi ya ana kunali kamwana ka miyezi isanu ndi itatu kouma khosi, ndipo madzi ake a mumsana anali m'kabati ya galasi, ija yokoka mpweya, mmene mumagwiridwira zoopsa zonse. Kabati yachiwiri inali itawonongeka, ikudikira wokonza. Foni inali italira kale kambirimbiri, ndipo Kuipers anali atasuzumira pakhomo kukumbutsa kuti msonkhano wa kasamalidwe ka nthawi uyamba posachedwa, aliyense asachedwe.

Pakati pa timbale tonsetu panali kamodzi kochokera ku botolo lomwe linalira Loweruka, litakhala m'makina pafupifupi sabata. Amene anali pa ntchito tsikulo anayang'ana pa maikulosikopu osaona chogwirika, n'kungodzala. Tsopano pa kambalepo panali timadontho ting'onoting'ono, tonyezimira ngati mame. Pepala lochokera ku wodi linangolembedwa mawu awiri, thupi kutentha. Marrit anaganiza zoimbira ku wodiko kuti afunse kuti wodwalayo ndi wotani, wachokera kuti, wadya chiyani. Anaganizadi. Koma foni inali kale kukhutu, dokotala wa ana akufunsa mulingo wa mankhwala, ndipo funso la botolo lochedwa linali la kumchira. Ndi dzanja limodzi anatsegula kambale kaja, n'kukafikitsa kumphuno. Sipanamveke fungo lililonse. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

"Litsiro ili," anatero atatseka foni ndi chikhato. "Hiske, ukapeza mpata ulipatse dzina. Palibe changu."

Anathamangira kumsonkhano, kumene anakhala ola lathunthu akuonetsedwa zithunzi za mawotchi. Nthawi yonseyo Hiske anali pabenchi yake ya poyera, wopanda chophimba kumphuno, atawerama pa kambale kaja. Anapala timadontho tija, anatisungunula m'madzi, anatipaka pa galasi. Makina opereka mayina anakana kutchula dzina. Poti Hiske sanali munthu wosiya chinthu panjira, anabwereza. Anakananso, iye n'kubwerezanso, akung'ung'udza nyimbo.

Masana, Marrit akudutsa ndi buledi wake m'manja, Hiske anamuitana. "A Mphuno, litsiro lanu lija likukana dzina. Taonani nokha, mwina ndi lachibale chanu."

Marrit anaika diso pa maikulosikopu. Sanaone timipira tofiirira ta pakhungu tomwe ankayembekezera. Anaona tinthu tating'ono kwambiri, tofiira motuwa, tomwazika ngati mchenga wosefa. Anaimba foni ku wodi, ndipo anayankha ndi Dokotala Postma, mnyamata amene anali atangoyamba kumene ntchito.

"Wodwala wanu wa thupi kutentha uja, bambo wachikulire uja. Anapitako kunja kwa dziko?"

"Aa, eya. Anakacheza kwa mwana wake kumayiko a kummwera chilimwe chathachi. Ndi munthu wocheza, amangotama tchizi cha mbuzi chomwe ankagula pa famu ina kumeneko."

"Bwanji simunalembe?"

"Nthawi, adokotala. Tsiku limenelo ndinali ndekha wodi yonse. Kodi n'zofunika?"

Marrit anangodula foni. Akanamukalipira bwanji, pamene iyenso anali atachita zomwezo m'mawa womwewo.

Kachilomboko dzina lake ndi Brucella. Kamabwera ndi mkaka wosawiritsa, kamamera mochedwa, ndipo mu labotale kamauluka ndi mpweya, kotero kuti aliyense amene waweramira kambale kake ali pangozi. M'dziko muno kanatha kalekale m'makola, madokotala ambiri amapuma pa ntchito asanakaone. Koma Marrit ankakadziwa asanaphunzire n'komwe kuwerenga. Bambo ake ankakatchula motsitsa mawu, chifukwa kakalowa m'khola ng'ombe zimapoloza imodzi ndi imodzi.

"Hiske, vula magolovesi, usambe m'manja, utuluke."

"Bwanji?"

"Tuluka kaye."

Hiske anayang'ana nkhope ya Marrit, anayang'ana kambale kaja, kenako anaika diso pa maikulosikopu ngakhale anali atauzidwa kuti atuluke. Anali wa pabenchi wodziwa ntchito yake, panalibe chomubisira. Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba.

"Ndakhala nako kuyambira m'mawa," anatero.

"Ndikudziwa."

"Munati litsiro."

"Ndinatero."

Onse amene anali m'chipindamo anapatsidwa mankhwala oti amwe kwa masabata angapo. Hiske anapatsidwa ena, amene amati ndi abwinoko kwa mayi woyembekezera, ndipo mawu akuti abwinoko anawamva bwino lomwe. Anasanza mpaka kuwonda. Anamuuza kuti akhale kunyumba, azingobwera kudzapereka magazi kuti aone ngati kachilombo kalowa. Ankabwera m'mawa, kulowera khomo lina, osatsika pansi.

Chipatala chinakhazikitsa komiti. Marrit anaima pamaso pawo n'kunena zonse osabisa: kuti ananunkhiza, kuti sanaimbe foni, kuti anapereka kambaleko kwa mayi woyembekezera ndi dzanja lake. Ankafuna kuti wina amukalipire, amuchotse ntchito kumene. Koma iwo anagwedeza mitu mwachifundo, n'kunena kuti masiku ano sitiloza munthu chala, timayang'ana dongosolo. Dongosololo analiyang'anadi. Anamata zikwangwani zatsopano pamakoma, anakonzetsa kabati ija, ndipo Kuipers anawonjezera maphunziro a Lachinayi masana. Za dokotala wachiwiri anati akufunafunabe. Postma anatumiza maluwa kwa Hiske. Bambo wa tchizi uja anachira bwinobwino, anapita kwawo atasiyira anamwino bokosi la chokoleti.

Marrit sanapite kukamuona Hiske. Kwathu kuno munthu sungangogogoda pakhomo la mnzako osapangana naye tsiku, ndipo iye anabisala kuseri kwa mwambo umenewo. Ankatenga foni, n'kuiyang'ana, n'kuiikanso m'thumba. Zotsatira za magazi a Hiske zinkabwera zoyera ulendo uliwonse, ndiye ankadziuza kuti palibe changu, adzapita zinthu zikakhazikika. Douwe anamuuza kawiri konse kuti, "Mayi, pitani mukamuone mnzanu." Iye ankayankha kuti sabata yamawa. Choona chake n'chakuti ankaopa.

Uthenga unafika mu Januwale, masana, akudya buledi wake pafupi ndi sinki. Anali Ruurd, mwamuna wa Hiske. Analankhula ngati munthu amene akuwerenga nyuzipepala. Hiske wapita padera dzulo. Anali mwana wamkazi. Hiske ali bwino, akutuluka mawa. Madokotala atenga zoyenera kuyeza, azitumiza ku labotale ina, osati yanu. Marrit anati zikomo pondidziwitsa. Anakulunga buledi wotsalayo, anasamba m'manja, ndipo foni italiranso anayankha funso la dokotala wa mafupa molondola, mulingo ndi masiku omwe. Atamaliza analowa m'chipinda chozizira chosungiramo timbale, anatseka chitseko, n'kulira ngati mwana.

Labotale inayo inasunga zoyezazo kwa nthawi yaitali, monga mmene kachilombo kochedwa kamafunira. Sipanamere kanthu. Magazi a Hiske anakhalabe oyera. Komiti inakhazika mtima pansi, n'kulemba kuti palibe umboni woti ngozi ya mu labotale ikukhudzana ndi zimene zachitika. Kuipers anamugwira Marrit paphewa m'khonde. "Nkhani yabwino, adokotala. Tsopano mutha kugona tulo." Marrit anayang'ana dzanjalo mpaka mwiniwake analichotsa.

Amene anamuitana ndi Hiske mwiniwake. Uthenga wake unali waufupi: mubwere Lamlungu masana.

Marrit anapalasa njinga ku mphepo, n'kufika nthawi yeniyeniyo. Ruurd anamutsegulira, analandira jekete yake, kenako anati akukayendetsa galu. Hiske anali pa tebulo la kukhitchini, atavala juzi yaikulu ya mwamuna wake. Anali atatha thupi. Anathira khofi m'makapu awiri, anatsegula chitini cha mabisiketi, Marrit anatenga imodzi, chitini n'kutsekedwa.

"Mwayenda bwanji, a Dokotala Veenstra?"

Dzina limenelo linamubaya kuposa chitonzo chilichonse. Zaka zonsezo Hiske sanamuitanepo choncho.

"Ndayenda bwino. Hiske, ine..."

"Ayi, pepani wanu musungeni, ndili nawo ambiri. Ndakuitanirani ntchito." Anasuntha kapu yake pambali. "Ndafunsa madokotala anayi. Aliyense akungoti sitingadziwe, zimachitika, musadziimbe mlandu. Ndatopa nazo. Inu simunandinamizepo, ngakhale pamene ndinkafuna kuti mundinamize. Zinthu zilipo zitatu. Kachilombo kaja. Mankhwala aja. Ndi thupi langali, lokalambali, lomwe linakana ana zaka zonsezi. Chimodzi mwa zimenezi chinandiphera mwana. Inu ndinu katswiri wondandalika zinthu. Ndiuzeni choyamba."

"Sipanamere kanthu, Hiske."

"Musandiuze za a Kuipers. Ine ndi inu tikudziwa kuti kusamera si kusakhalapo, makamaka munthu atamwa mankhwala. Ndakufunsani choyamba."

Marrit anayang'ana khofi wake. Yankho anali nalo, analipeza kalekale, poti mutu wake sunkatha kuona zinthu zitatu osazindandalika. Magazi oyera ulendo uliwonse, thupi losatentha ngakhale tsiku limodzi, zoyeza zosamera: kachilombo kanali kumapeto. Mankhwala aja amayi ambiri amamwa n'kubereka bwinobwino, anali pakati. Choyamba, mwa kuwerengera kulikonse koona, chinali chomwe Hiske ankachiopa kwambiri, msinkhu wake ndi chiberekero chake. Kunena zoona kukanamuyeretsa Marrit, n'kumusiya mayiyu ndi mdani amene adzagona naye ndi kudzuka naye moyo wake wonse. Koma atati ndi kachilombo, Hiske akanakhala ndi munthu womuda, wokhala kutali, woti angathe kumutsekera chitseko. Marrit anaona kuti chimenecho ndicho chokhacho chimene watsala nacho choti apereke.

"Kachilombo," anatero. "Choyamba ndi kachilombo. Ndine ndinakupatsa kambale kaja. Ndine."

Hiske anamuyang'ana kumaso. Panja mphepo inkagwedeza chitseko cha shedi. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kouma kopanda mano.

"Zaka khumi ndi zingati ndakhala nanu pabenchi? Mukamanena zoona mumayang'ana munthu m'maso mpaka achite manyazi. Lero mukuyang'ana khofi."

"Ndikunena zimene ndikuganiza."

"Mukunama. Zotsatira zija ndinaziwerenga ndekha, ndimadziwa kuwerenga. Ndinkangofuna munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti andiuze poyera kuti ndi thupi langa, kuti ndisiye kuzungulira nazo m'mutu, ndiyambe kulira maliro. Ndinati a Mphuno sangandibisire." Sanalire. "Ndiye mwabwera kudzandisankhira chofewa. Mwayang'ana zonse zitatu, mwapatula chopanda mano, mwandikankhira."

"Hiske, ndimafuna kuti..."

"Mukunditetezanso."

Marrit anagwetsanso maso pa khofi wake.

"Kunditeteza kwanu ndinakuona," anatero Hiske motsitsa. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kupita kukhonde. Anabwera ndi jekete ya Marrit, anaitambasula bwinobwino monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka, n'kuima nayo akudikira kuti alowetse mikono.